Lalanje la a Sizasi

Lolemba, 4 Ogasiti

Nthambi ija yagunda siling'i. Ndaona m'mawa potsegula makatani. Yapinda khosi ngati munthu wamtali m'minibasi.

A Sizasi, amuna anga, aiona kale, sindikukayika. Amaswera pampando wawo pawindo, mtengo wa lalanje wa mumgolo uli pamphuno pawo penipeni. Zaka khumi ndi ziwiri akhala akuumeta mtengo umenewu Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, ngati kasitomala wa ku babashopu kwawo. Thaulo pansi, sizasi m'manja, kuuzungulira, kubwerera m'mbuyo, kupendeketsa mutu, kudulanso kamodzi. Unkakhala wobulungira bwinobwino. Chiwagwireni sitiroko mu Okutobala palibe waukhudza, pano nthambi zangoti balala.

Mayi wa mafizo anabwera 10 koloko. Mwendo akuti uli bwino, kuyankhula kukubwerera pang'onopang'ono. Vuto ndi dzanja lamanja. Anawapatsa kampira kofinya, iwo n'kungokayang'ana mpaka kanagubuduzikira kunsi kwa kabati. Pakhomo mayiyo anandinong'oneza kuti zalazo zikapitiriza kukhala chopinda zidzauma momwemo, ndipo nthawi yodikira yatsala yochepa. Akuti dzanjalo lili ndi mphamvu kuposa mmene eni ake akuganizira. Eni ake akuti linafa, tisalivutitse.

Ndili ndi mantha. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndachapa mabulangete anayi a kwa aneba, makatani a ku famase. Msana wamva. A S. anadya ndi lamanzere, msuzi n'kutayikira pashati, n'kundikwiyira ine ngati ndinagwedeza tebulo.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Lero analoza nthambi ija ndi chibwano n'kuti, "Dulani." Sabata yonse sanapemphepo kanthu, ngakhale madzi. Ndawalonjeza Loweruka ndikamaliza zochapa.

Mtengo umenewu ndi ine sitinayambe tagwirizanapo. Unabwera sabata yomwe tinasamukira m'zipinda ziwiri zam'mwamba zino, zopanda ngakhale kabwalo kodzalapo mpiru. Kasitomala wina anawapatsa lalanje, iwo n'kukwirira njere imodzi m'chitini cha mkaka. Munatuluka mphukira zitatu m'njere imodzi yomweyo. Anaitana nyumba yonse kudzaona, amvekere tabereka atatu. Anasiya yamphamvu, zinazo anazula. Kuchoka m'chitini kupita m'ndowa, kuchoka m'ndowa kupita m'theka la mgolo, dothi lake akukwera nalo masitepe pamapewa. Ine phindu lomwe ndapezapo ndi minga. Yaitali ngati chala changa chaching'ono, ndipo imandidziwa, ndikangowerama kukolopa yandipeza. Duwa ayi, lalanje ayi, zaka zonsezi. Ndikawaseka kuti akulera mtengo wa masamba okhaokha ankati ukukonzekera, inu mayi mumapupuluma.

Pansipa, momwe munali shopu yawo, muli wokonza mafoni tsopano. Munthu wabwino, koma wachete. Kale ndikamachapa ndinkamva kulira kwa mashini, kenako kukutumula kwa thaulo, kenako mawu awo: "Wotsatira." Kakhumi, kakhumi ndi kasanu pa tsiku, mpaka ndinkatopa nawo. Lero ndinapezeka ndaima ndi sopo m'manja, ndikuwadikira.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Koma ine ndiye chitsiru.

Ndinakwera pasitulo kuti ndione podzadula mawa. Kunsonga kwa nthambi yaitali ija ndinapeza timibulu toyera, tolimba, tochepa ngati nandolo. Ndinati basi, tizilombo taikira mazira, a S. akamva adwalanso kawiri. Ndinathyola kamodzi ndi tsamba lake, kukulunga m'kansalu, ulendo kwa mayi wogulitsa mbande pamphambano paja.

Anakafinya pakati pa zala n'kundiika pamphuno. Fungo lake ndinachita kutsinzina.

"Amayi, mwathyola duwa," anatero.

Ndinakhala pansi pa thumba la manyowa. Anandifunsa ngati ndi wokwatitsa kapena wa njere, ndinati wa njere, zaka khumi ndi ziwiri. Akuti wokwatitsa umabereka msanga chifukwa nthambi yake imachokera kumtengo waukulu kale, koma wa njere umakhala mwana nthawi yaitali, ndipo minga yambiriyo ndi yaubwana. Uyenera kutalika, kuphuka masamba pamwamba pa masamba, ndipo mbali yoyamba kukhwima ndi kunsonga. Ukamadula nsonga ukuubweza ku ubwana. Kenako anafunsa kuti amene amaudulayo amadula kangati pa chaka. Ndinati mwezi ndi mwezi, amuna anga ndi ometa. Mayiyo anaseka mpaka kugwira mtengo wa shedi yake. Nanenso ndinaseka.

Anandionetsa tsambalo padzuwa. Muli timadontho towala, ngati laboledwa ndi singano paliponse. Akuti ndi timatumba ta mafuta, ndi momwe mumachokera fungo. Pakhosi pa tsamba pali timapiko tiwiri tating'ono. Zaka zonsezi ndimasesa masamba amenewa osawayang'ana n'komwe.

Malangizo ake, ndisaiwale. Madzi pokhapokha dothi likauma mpaka mfundo yachiwiri ya chala. Mgolo usasunthidwe, ukhale pomwe pali dzuwa. M'nyumba mulibe njuchi kapena mphepo, ndiye maluwa akamasula ndi bwino kuwathandiza: kaburashi kofewa, kukhudza ufa wachikasu, kupaka pakamutu kapakati. Duwa limakhala masiku ochepa. Ambiri adzayoyoka, ndisalire.

Kunyumba ndinangowauza kuti mtengo uli ndi maluwa. Chifukwa chake sindinanene. Anati, "Bodza."

Loweruka, 9 Ogasiti

Sindinadule. Mzime wathu anabwera ndi mkate ndi mankhwala a abambo ake, ndiye tinathandizana. Iye pasitulo, ine pansi, tinakoka nthambiyo pang'onopang'ono ndi lamba wa diresi yakale n'kumangirira kuchogwirira cha mgolo, mpaka nsonga inafika pamaso pa a S. Timibulu khumi ndi tinayi. Tikanakhala khumi ndi tisanu pakanapanda ine. Kunsongako kulibe minga, mayi uja sananame.

Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anati, "Ndinanena." Mlomo wopotoka womwewo koma matama ali onse. Ndinawavomera, lero lokha.

Ndiye pakamwa panga. Kukhitchini ndinamufotokozera mwanayu zonse za mayi wa mbande, motsitsa mawu. Iye mawu otsika sawadziwa, anatengera kwa azakhali ake. Anangoti ndiye kuti ababa ndi amene amauletsa kubereka, wachita maluwa chifukwa asiya kuumeta? N'kuseka. Khoma lathu ndi la bolodi.

Titatuluka tinapeza atembenuzira nkhope kukhoma. Tiyi anazizira pomwe ndinamuika. Mwanayu anagwada pambali pawo, ababa pepani, ababa sindimatanthauza choncho. Anangomusisita mutu ndi lamanzere osamuyang'ana. Wapita akulira pamasitepe. Wolakwa ndine.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Sanayankhule tsiku lonse. Duwa loyamba lamasula.

Lolemba, 11 Ogasiti

Anayi tsopano. Nyumba yonse ikununkhira, mpaka zochapa za eni ake zatenga fungo. Wokonza mafoni anandifunsa pamasitepe kuti ndasintha sopo kodi.

Ndinavala magalasi n'kuliyang'ana bwino duwa limodzi. Timasamba toyera tisanu, tonenepa ngati ta kandulo, topindikira kumbuyo. M'kati muli timiyendo tambiri toyera ta mitu yachikasu, taima mozungulira, ndipo pakati pake pali kamodzi konenepa ka mutu wonyowa, womata. Kunsi kwake kuli kampira kobiriwira kochepa kuposa mutu wa machesi. Akuti lalanje lake ndi limenelo.

Wa mafizo anabwera, anayetsemula kawiri, anayamikira maluwa. A S. anabisa dzanja m'bulangete. Mayiyo sanawakakamize. Potuluka anangondiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Madzulo ndikupinda zovala ndinamva, "Ndinkaupha."

Ndinati ayi bambo, munkaukongoletsa.

"Ndadwala, wapuma."

Apa ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti dothi lija linkakwera lokha masitepe? Nanga chaka chija masamba anadzaza tizilombo tomata, anakhala masiku atatu akutsuka tsamba limodzilimodzi ndi sopo ndani? Amene ankautembenuza kuti mbali zonse zione dzuwa, amene anandikalipira pamaso pa alendo chifukwa ndinathiramo madzi otsukira mbale? Ndinati thunthu limenelo gwirani muone, n'lonenepa ngati mkono wanga, maluwawo akumwa mizu yanu. Ndinayankhula zambiri, zina sindikuzikumbuka. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti ine ndatopa kukhala ndi anthu awiri osayankhula m'nyumba muno, wina pampando wina mumgolo.

Tiyi wa lero anamwa.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ntchito ya njuchi ndaiyamba, ndipo njuchi yoipa ngati ine sinabadwe.

Kaburashi kofewa ndilibe, ndiye ndinatenga mswachi wakale. Kungokhudza kamodzi, duwa lonse pansi. Ndinamva a S. akukoka mpweya ndi mano. Manja angawa anazolowera kufinya mabulangete, sadziwa kunyengerera.

"Chofewa," anatero. Analoza kabati ndi chibwano, dirowa yachiwiri, momwe ndinasunga zida zawo zokulunga m'thaulo. Miyezi khumi sanalole kuti ndizitulutse. Ndinatulutsa burashi yosasira tsitsi m'khosi mwa kasitomala, ndikuti nanga chonsechi paduwa? Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mawu amodziamodzi, mothandizana ndi chibwano: dulani ubweya pang'ono, chepetsani, chepetsaninso, kamtengo ka machesi, ulusi, mangani. Ndinamanga katatu, kawiri akukana. Bwana wabwerera pa ntchito.

Ndinapaka maluwa atatu. Duwa lachinayi ndinaligunda ndi chala, linathothoka. Ndiye anatsonya. Tsonyo lenileni, lalitali, lija ankatsonyera kasitomala wogwedeza mutu. Chidwalireni sindinalimve. Ndinathawira kukhitchini kuti asaone kuti ndikusekerera.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Maluwa oyamba aja ayamba kufiira m'mbali, timasamba tikugwera pansi. Awiri ayoyoka okha. Osamasula atsala asanu.

M'mawa anapempha kaburashi, anayesa ndi lamanzere. Linapitirira duwa n'kukagunda tsamba, kachiwiri linabaya pambali. Anakataya pansi. Ndinatola n'kunena mongodutsa kuti nanga linalo? Akuti linafa, ndisayambe.

Koma ndaona kanthu. Pomwe ndimapaka ine, iwo maso ali paduwa, chala chachikulu ndi cholozera cha dzanja lakufalo zimagundana pabulangete. Pang'ono kwambiri. Kutseka, kutsegula, ngati muli sizasi. Sakudziwa kuti akutero. Sindinanene kanthu, pakamwa panga pandilakwitsa kokwanira sabata ino.

Mzime anaimba foni. Ndinawaikira kukhutu, anamuuza kuti abwere adzanunkhize maluwa asanathe. Mwanayo analiranso, koma kulira kwina.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Asanu otsiriza amasula onse pamodzi.

Ndinadikira dzuwa lifike pawindo. Ndinaima pakati pa iwo ndi mtengo, kaburashi m'manja, magalasi pamphuno. Kaya dzanja langa linatsika molemera dala kaya ndi mmene lilili, ngakhale m'buku lino sindinganene motsimikiza. Duwalo linagwedezeka koma silinagwe.

"Bweretsani."

Ndinapereka kulamanzere. Anapukusa mutu. Anatulutsa linalo m'bulangete, mochita kulinyamula ndi lamanzere, n'kuliika pabondo. Lawonda. Zikhadabo ndimawawenga ine koma sindinaliyang'anepo padzuwa chonchi. Ndinalowetsa kamtengoko pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Kanagwa. Ndinatola. Kanagwanso, ndinatolanso, osayang'ana nkhope yawo. Kachitatu zala zinatseka.

Anati ndigwire chigongono, chigongono chokha, ndisawatsogolere. Ndinagwira. Mkono umanjenjemera mpaka m'mapewa mwanga. Kuchoka pabondo kufika paduwa ndi pafupi kwambiri, koma thukuta linawatuluka pamphumi, ketulo inawira n'kuzima yokha tisanafike. Ndiye ubweya uja unakhudza timitu tachikasu, mopepuka moti duwa silinagwedezeke n'komwe. Anazunguliza pang'ono, n'kupaka pakamutu kapakati. Kenako anabweza mutu m'mbuyo, kuupendeketsa, kuyang'ana ntchito yawo. Ufa wachikasu uli pachikhadabo.

Ine misozi ikutsikira m'magalasi, manja onse ali pachigongono, ndilibe chopukutira. Iwo sanandiyang'ane. Maso anali kale paduwa lachiwiri.

"Wotsatira," anatero.