Kupuma kwa Amayi M'filimu Yanga

Dambe, Neno

Okondedwa malume Ezekiele,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, ndipo mbatatesi zachita bwino chaka chino.

Ku yunivesite anatipatsa ntchito yojambula filimu yaifupi pa phunziro la jogalafe. Ine ndinasankha kukokoloka kwa nthaka m'munda wathu wa kuphiri uja. Ndinkaopa kuti ndilephera, koma amayi anandipulumutsa. Mukanawaona, malume! Anaima m'mphepete mwa chigwembe chija, chitenje atamanga m'chiuno, akuyankhula ngati anabadwira pa kanema. Ine kamera ndinkangoilozetsa pansi, iwo n'kumaseka: "Iwe Stelia, kodi ukujambula ine kapena mapazi ako?" Nditaionetsa filimuyo m'kalasi, anzanga anawaombera m'manja. Mtima wolimba chonchi sindidziwa ngati ndinatengerako.

Koma pokonza filimuyo ndinamva china. Pokwera phiri amayi ankaimaima, ati akundionetsa malo, koma maikolofoni inagwira mmene ankapumira movutikira. Aphunzitsi anati ndichotse phokosolo chifukwa likusokoneza mawu. Sindinalichotse. Nditatchula za kuchipatala, amayi anangoti, "Iwe gwira kamera yako, basi."

Mwina ndikungoganiza mopitirira, paja mumandidziwa. Koma inu ndinu mlongo wawo, ndipo amakumverani.

Filimuyo ndakutumizirani pa foni. Musangoionera ayi. Mukafika pamene akukwera phiri, mukweze mawu. Mukatero muwaimbire, koma musanene kuti ndine ndakuuzani.

Apatseni moni azakhali.

Ndine mwana wanu,
Stelia