Makina a Amayi m'Nyimbo Yachitatu

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tiliko, kungoti chisanu chavuta.

Nkhani ndi ya mzime wathu, uja munamusiya akuyamwa chala. Chimbale chake choyamba chija mpaka lero chikukana kukalamba. M'minibasi, kometera, kumsika, ndi chomwecho basi. Ine amene ndinkamukalipira kuti akutisokosa, pano ndikamva mawu ake thupi limachita tsembwe. Amayamba motsitsa ngati akukunong'onezani, kenako n'kukweza mpaka mumaiwala kupuma.

Mudzamvetsere bwino nyimbo yachitatu. Mulibe ng'oma. Chimene chikugunda pansipo ndi makina osokera a alongo anu. Mwanayo anawajambula pakhonde, amayi akupinda siketi ya kasitomala, osadziwa n'komwe. Lero oimba achinyamata akumabwereka makina kwa atelala kuti atengere, koma sizikuwatheka. Wina anafika pano kudzafunsa chinsinsi. Amayi anaseka, amvekere, "Chinsinsi chanji mwanawe? Ndi bondo langali, limatsalira popalasa."

Makinawo tsopano tinawafunditsa nsalu, poti amayi akudwala. Adokotala anatiitanira pambali ine ndi mzime, koma zimenezo si zolemba m'kalata. Amayi amapempha nyimbo yachitatuyo m'mawa uliwonse, phazi n'kumagwedera m'bulangete. Dzulo anandifunsa ngati inu munaimvapo.

Ndinawauza kuti mudzaimvera kuno, mutakhala pambali pawo. Chonde Amalume, musandisandutse wabodza.

Ndine mwana wa alongo anu,
woyamba uja