Mkaka wa M'chilimwe Chija

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumeneko. Mukukumbukira chilimwe chija bambo anakukalipirani kukhola, ati mukuthira madzi mumkaka? Munalumbira, sanamve, mpaka munachoka.

Chaka chinonso mkaka ndi wamadzimadzi, ndiye adokotala a ziweto anabwera kudzauyeza. Akuti udzu ukauma umataya vitamini A, ndipo ng'ombe ikamusowa, bere silipanga bwino mafuta ndi mapuloteni a mumkaka. Ndinawafunsa kawiri ngati kalelo zinalinso choncho. Anaseka, amvekere, "Mayi, ng'ombe sizinasinthe."

Bambo ankamvetsera atatsamira mpanda. Atalowa m'nyumba anafunsa za inu. Miyendo yawo siilinso ngati mmene munaisiyira.

Akuti mubwere Loweruka. Ndidzakuchingamirani pasiteji ya basi.

Ndine mlongo wanu.