Mmene Utsi Unasowera ku Ndirande

Lolemba, 15 Julayi

Ndakatenga timakina tanga tonse 8 ku Ndirande. Palibe kosowa, palibe kosweka. Chiperoni kuyambira m'mawa, zala zochita kukana kugwira cholembera.

Ndilembe bwinobwino za ntchitoyi, poti amayi akumauza anthu kutchalitchi kuti ndine nesi. Sindine nesi. Ndili pa kafukufuku wa utsi wa m'nyumba. Timapatsa azimayi kamakina kakang'ono, kali m'kachikwama kovala pachifuwa. Mayi amakavala masiku awiri, pophika, posesa, paliponse, pogona n'kukaika kumutu. Kamakinako kamawerenga utsi umene munthuyo akupuma. Ine yanga n'kukapereka, kukatenga, kukasiya ku ofesi. Digiri ya sosholoje yathera pamenepo ndipo sindikudandaula. Zaka zitatu ndinakhala pakhomo kumangoyankha anthu kuti "tikuyesabe."

Everson, mnzanga amene amayenda nyumba za ku Bangwe, wabweretsa take tonunkha ngati tagona pa chiwaya. Tanga toyera, tizikwama topanda ndi banga lomwe. Ndamuuza kuti anthu umachita kuwaphunzitsa kusamala zinthu. Ndinanena mokweza kuti a Dokotala, abwana athu, amve.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ramsey wa makompyuta wandiitana. Iyeyu ndi amene amatulutsa manambala m'timakina n'kujambula mizere. Utsi ukachuluka mzere umakwera, ukachepa umatsika. Wandionetsa ya Everson: mapiri okhaokha, m'mawa phiri, madzulo phiri. Kenako yanga. Mzere umodzi wogona, ngati chingwe choyanikira zovala.

Ndafunsa kuti ina 7 ili kuti. Akuti ili pomwepo, yasanjikizana.

"Petro, nyumba eyiti sizingapume mofanana chonchi. Ndipo mpweya uwu ndi woyera kuposa wa mu ofesi ya a Dokotala. Ku Ndirande, aise? Mu Julayi?"

Akuti aka n'kachiwiri kutuluka chonchi. Ulendo woyamba anaganiza kuti timakina tafa, anatiyesa, tili moyo.

Chakudya chamasana sichinalowe. Chinalowa cha m'ma 4.

Lachitatu, 17 Julayi

A Dokotala Maziko, mkulu wa kafukufukuyu, ndi dokotala wa mabuku, osati wa jakisoni. Sakweza mawu. Anangondifotokozera za bambo wina amene anagwirapo ntchito yangayi kale, amene ankasiya timakina m'chikwama kunyumba kwake n'kumasaina yekha mafomu. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Sindikunena kuti mwatero, a Petronela. Manambala ndi amene akunena."

Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Zikapanda kufotokozeka kontilakiti yatha, ndipo dzina langa lipita ku komiti yoona za chinyengo pa kafukufuku. Dzina likalowa kumeneko ndiye kuti basi, chifukwa olemba ntchito za kafukufuku mu Blantyre muno ndi anthu omwewomwewo, amadyera limodzi pa misonkhano.

Nyumba zonsezo ndinayenda ndi miyendo yangayi, kudumpha ngalande, kukalipidwa ndi agalu. Ndakwiya, komanso ndikuopa.

Lachinayi, 18 Julayi

Ndaperekanso timakina. Nyumba iliyonse ndafunsa, kodi mumavala? "Timavala, asisi." Onse 8, yankho limodzi.

Lachisanu, 19 Julayi

Tsiku lokatenga ndi mawa, koma ndapita lero madzulo osauza munthu.

Ndinayambira kwa Fatimah, make Hamudi, amene amakazinga samusa zogulitsa kumsika. Nyumba ya chipinda chimodzi, mbaula ili mkati chifukwa cha kuzizira, chitseko chotseka theka. Utsi unandipeza ndisanaodire. Mwana kumbuyo, chipande m'manja, pachifuwa palibe kanthu.

"Kamakina kali kuti?"

"Kali bwino, asisi."

"Sindinafunse moyo wake. Kali kuti?"

Anaphula chiwaya n'kutsogola, ine pambuyo. Tinakafika kwa Mayi Hafsah, amene anandithandiza kupeza nyumba zimenezi poyamba paja. Malemu amuna awo anali telala, anawasiyira nyumba ya njerwa zootcha ndi kabati yagalasi yokhala ndi loko. M'dera lonselo aliyense amene ali ndi chinthu choopa kutaya amakasungitsa m'kabati imeneyo: masatifiketi a ana, makalata a malo, mbale za ukwati. Pa shelefu yapakati, pa kansalu koluka, timakina tanga tonse 8 tili pamzere, timagetsi take tobiriwira tikuphethira. Tikuyeza mpweya umene mbale zikupuma.

Akuti ndikangokhota pa kona, onse amabweretsa. Tsiku lokatenga, akatha kupemphera swala ya m'mawa, Mayi Hafsah amapukuta kalikonse n'kubweza kwa mwini wake. Salakwitsa, chifukwa anamanga ulusi wa mtundu wakewake pa kachikwama kalikonse. Ulusiwo ndinkauona. Ndinkayesa zokongoletsa.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anandiyang'ana modabwa.

"Iii mwanangu, si munanena nokha? Kuti kamodzi kakangowonongeka inu ntchito yatha. Ndiye tikaike pa utsi? Pa mafuta? Ana athuwa mukuwadziwa bwino? Ife tinakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana wa eni ake asachotsedwe ntchito chifukwa cha ife."

Anandipatsa tiyi. Ndinamwa.

Loweruka, 20 Julayi

Ndinanenadi. Pa fomu imene timawerengera anthu asanasaine mulibe mawu amenewo. Fomu imati chipangizo chikawonongeka, wotenga nawo mbali alibe mlandu. Ndinawerenga zimenezo bwinobwino, kenako ndinapinda fomuyo n'kuwonjezera zanga, poti Everson anali atandiopseza kuti kamakina kamodzi n'kodula kuposa ine. Ndinanena moseka. Tsopano ndikukumbukira kuti iwo sanaseke.

Timakina ndabwera nato kunyumba kuno ku Machinjiri chifukwa ofesi satsegula Loweruka. Ndamuimbira Everson, ndamufotokozera. Waseka mpaka kutsokomola, kenako akuti, "Mabatire akadalipo eti? Yatsa mbaula, utiike pambali. Pa fomu ungolemba kuti unatenga Lolemba. Ramsey apeza mapiri ake, nkhani yatha."

Mbaula ndinayatsadi. Ndinatiyala pa mpando, tonse 8. Ndiye ndinaganiza kuti atuluka mapiri 8 ofanana, ndipo Ramsey si mwana. Ndinatibweza m'chikwama, pa mbaulapo n'kuphikapo nyemba. Ndisadzinamize kuti chinandiletsa ndi chikumbumtima. Nachonso chinabwera, koma nyemba zitawira kale.

Lamulungu, 21 Julayi

Kutchalitchi mayi wina wandionetsa chotupa pa mkono. Ndamuuza apite kuchipatala.

Lolemba, 22 Julayi

Ndawauza a Dokotala zonse, ndi mawu anga aja omwe. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anatenga kope n'kuyamba kulemba. Kabatiyo ndi yotani, amasungitsamo chiyani, kiyi amasunga ndani, zinayamba liti. Anati "izi n'zochititsa chidwi kwambiri" katatu konse. Anthu ophunzira ndi oopsa. Iwe ntchito ikukuthera, iwo akuona pepala loti akawerenge ku msonkhano.

Kenako anatseka kope. Manambala a maulendo atatu onse atayidwa. Kalata yochenjeza ilowa mu faelo yanga chifukwa chowonjezera mawu pa fomu. Ndipo nkhani ya kabatiyi, akuti, ndi nkhani chabe kufikira manambala ataivomereza. Mawa ndikapereke, Lachinayi ndikatenge. Mzere ukagonanso, Lachisanu ndisiye baji kwa alonda.

Lachiwiri, 23 Julayi

Ndawasonkhanitsa onse pakhomo pa Mayi Hafsah. Anandipatsa mpando, iwo pamkeka, zimene zinangowonjezera manyazi.

Ndafotokoza kuti kamakinako ntchito yake ndi kupuma zimene iwo akupuma. Akakhala pa utsi, nako kakhale pa utsi.

"Ndiye mukufuna tikadetse?" anatero mayi wina.

Ndinati ee, detsani.

"Nanga kakagwera m'mafuta?" Ameneyo Fatimah.

Ndinati alibe mlandu, inenso ndilibe.

Mayi Hafsah anandiyang'anitsitsa. Ndiye anati, "Tsono tsiku lija munatinamiza?"

Ndinati eya, ndinanama, pepani. Kunena zimenezo pamaso pa azimayi amene akhala milungu itatu akulondera ntchito yanga, makutu anachita kutentha. Ndinawauzanso chilungamo chonse, kuti ukhondo wa timakinawo ndi umene ukundichotsetsa ntchito, ndipo kwatsala mpaka Lachisanu.

Kenako mmodzi anaseka mpaka kugwira khoma, ena n'kutsatira. Mayi Hafsah sanaseke. Anatenga kawo, ka ulusi wofiira, poti nyumba yawo ndi imodzi mwa 8 zija, n'kukavala pamwamba pa mpango wawo.

"Amene nditamupeze pachifuwa palibe kanthu, satifiketi ya mwana wake akasunge yekha."

Onse anavala pompo.

Lachitatu, 24 Julayi

Palibe chochita koma kudikira. Ndapemphera kuti ku Ndirande kuchuluke utsi. Mulungu andikhululukire, koma ndapemphera.

Lachinayi, 25 Julayi

Ndakatenga. Tizikwama takuda, tonunkha makala, mafuta, ndi majumbo amene amayatsira moto. Ka Fatimah kali ndi phala pa lamba, akuti Hamudi anakagwira. Wapepesa katatu, ine ndathokoza kanayi.

Mu minibasi ndinatsegula chikwama kuti ndinunkhize. Kondakitala anandiyang'ana modabwa.

Lachisanu, 26 Julayi

Ramsey analiza mluzu. Mapiri 8, lililonse maonekedwe akeake. A Dokotala anandigwira chanza, akuti kontilakiti ipitirira, za komiti zija tiiwale. Everson anandimenya paphewa ngati nzeru zake ndi zimene zagwira ntchito. Ndinasangalala, sindibisa. Ndinalowa kuchimbudzi n'kuvinako pang'ono.

Pobwerera ndinapeza a Dokotala adakali pa kompyuta, akuyang'ana mzere umodzi. Nyumba nambala 5, ya Fatimah. Phiri la m'mawa linakwera mpaka pamwamba penipeni n'kukhala lathyathyathya. Ramsey akuti pamenepo ndi pamene kamakina kamalekezera kuwerenga, utsiwo unapitirira. Maola atatu, masiku onse awiri.

"M'nyumbayi muli mwana?" anafunsa a Dokotala.

Ndinati wa miyezi 7.

"Amakhala kuti mayi ake akamaphika?"

Ndinati kumbuyo. Kope linali pomwepo patebulo, koma sanalembe.

Zotsatira za nyumba iliyonse, akuti, zidzaperekedwa kafukufuku akadzatha, chaka cha mawa. Pakali pano ndikhoza kunena zimene zili pa kapepala kathu ka malangizo, osawonjezera zanga: tsegulani chitseko pophika, mwana akhale kutali ndi moto.

Madzulo ndinakwera ya ku Ndirande. Fatimah ndinamupeza pa chiwaya, Hamudi kumbuyo.

"Asisi! Takhoza?"

Ndinati ntchito ilipo. Anaimba nthungululu mpaka anzake kutuluka m'nyumba. Wina anathamanga kukauza Mayi Hafsah.

Atabalalika ndinamuuza za chitseko. Akuti akatsegula mphepo imalowa, makala amanyeka msanga, mwananso amazizidwa. Ndinamuuza zoti mwana azikhala kutali ndi moto. Anayang'ana chipinda chonse, bedi, ndowa, mbaula, khomo.

"Kutali kwake kuti, asisi?"

Pa kapepala palibe yankho la funso limenelo. Ndinati amumasule. Ndinatuluka naye panja, ndinamufunditsa juzi yanga, tinakhala pa mwala wochapira mpaka samusa yomaliza itatuluka m'mafuta. Tsitsi lake likununkha makala. Akamapuma, m'chifuwa mukumveka kaphokoso kakang'ono, kamene sindikanakamva ndikanapanda kumunyamula.

Mawa Fatimah ayatsa mbaula 4 koloko m'mawa. Ine ndidzakhala ndili ku Machinjiri.