Kompyuta ya Achimwene Ikadali Kuwerenga

Lolemba, 6 Meyi
Mitambo, kamphepo kozizira. M'mawa. Masiku anayi chiikireni achimwene m'manda. Kompyuta yawo ikadali yoyaka patebulo la kuchipinda kwawo. Popita kuchipatala anati, "Usazimitse, Kachete. Ikafika pa 100 ndiye kuti digiri yanga yachiwiri yapsa." Lero ili pa 61. Imapuma ngati munthu wogona.

Lachitatu, 8 Meyi
76. Ndikusesa, pagalasi la kompyuta panabwera mawu: "Kachete, taona chaja. Ndipo udye." Tsache linagwa. Chaja chinalidi chitazuka. Ndinali ndisanadyedi. Amayi sindinawauze.

Lachinayi, 9 Meyi
Kunabwera mnzawo wa achimwene wa m'kalasi, wamagalasi. Akuti pulogalamuyi imayesa njira zikwizikwi, kudziitana yokha mobwerezabwereza mpaka itapeza yankho. Akuti olemba mapulogalamu amaikamo timawu kuti azidziwa pomwe yafika. Achimwene analemberatu tawo podziwa kuti mlonda ndine. "Si mzimu, mlongo, ndi malangizo chabe." Ndinangogwedeza mutu. Ine wolekeza ku pulayimale ndingatsutse chiyani? Koma njala yanga anaidziwa bwanji?
Zotsatira zikufunika kwa aphunzitsi Lolemba. Zikafika, digiri adzapatsa amayi m'manja. Zikachedwa, basi.

Lachisanu, 10 Meyi
Masana, pagalasi: "Watsala pang'ono, mlonda wanga. Usaope." Ndinakhala pampando wawo. Unali wofunda. Mwina ndi dzuwa la pawindo.
Wamagalasi anabweranso. Ndinalimba mtima n'kufunsa, maso pansi, ngati mawu azibwerabe ikamaliza. Akuti ayi, idzangoti zii, pokhapokha itayambiranso. Anandilozera mabatani awiri oyambitsiranso, oti ndisawakhudze. Kuyambiranso ndi masabata awiri.
Amayi asita diresi lawo labuluu, lokalandirira digiri. Aliyesa kawiri.

Loweruka, 11 Meyi
98 m'mawa. Tiyi ndinamusiya patebulo.
99 titadya.
Ndinatseka chitseko. Ndinaganiza za diresi, ndithu ndinaliganiza. Zala zinapita zokha pamabatani aja, ziwiri.
Galasi linada. Kupuma kunaleka. Kenako 0, ndi mzere womwe sindinauonepo:
"Wayambitsanso, Kachete? Ndinadziwa. Khala pansi."
Ndakhala pansi.
Amayi akugogoda, akufunsa ngati yafika.
Ndalekeza kulemba lero Loweruka, 3 koloko masana. Ili pa 1.