Mwendo pathandala la usipa

Lachinayi, kuno ku Kande. Lero mtima wanga walemera.

Chilonda cha pamwendo wa bambo anga sichikupola. Anamwino akuti tizilombo tadzikuta ndi kachikopa koterera, ndiye mankhwala sakulowa. Dzulo ndinawawerengera bambo nkhani ya pafoni, yoti kunja akuyesa ufa wosaoneka ndi maso umene umapha tizilombo totere akauwalitsa ndi nyali. Iwo anangomvapo za kuwalako.

Pochokera kumunda ndawapeza atamasula bandeji, mwendo atauyanika pathandala la usipa, ntchentche zitadzazapo.

"Ada, popanda ufawo dzuwa silingachize."

"Nanga ufawo uli kuti, mwana wanga?"

Ndawatsuka chilondacho n'kuwamanganso bandeji. Akuti mawa ndionenso pafoni, mwina ukhala utafika ku Mzuzu.

Ndikanangokhala chete dzulo lija.