Maina a Ana a ku Kasanda

Kasanda, Kabwe
14 Ogasiti 2023

Okondedwa mlongo wanga Langton,

Ndalemba pang'onopang'ono, mudziwa kuti sukulu sindinapondeko. Ndili bwino, koma mtima ndiwo ukutentha.

Mukumbukira kagulu kathu koluka, kamene tinayamba mgodi usanatseke, tikulukira amuna athu majuzi? Masiku ano tiluka zina. Fumbi la mtovu lochokera ku mgodi latidwalitsira ana, ndiye tinapangana kuti mayi aliyense aluke kachigamba kokhala ndi dzina la mwana wake wodwala. Ine ndinaluka la mdzukulu wanga Blessed, uja wachedwa kulankhula. Tinalumikiza zigamba makumi anayi, nsalu inakula ngati khoma, kuti akuluakulu akabwera awerenge ana athu mmodzimmodzi.

Doreen, mwana wa a Daka a kwathu kuja, tinamusankha kukhala wapampando poti adziwa Chingerezi. Atamva kuti kukubwera alendo a ku Lusaka, anatenga nsalu kunyumba kwake, nalemba ganyu munthu kumasula maina onse ndi kuikapo maluwa. Akuti alendo sakonda zachisoni. Langton, dzina la Blessed ndinaliluka masabata atatu ndi maso anga ofookawa.

Ndikuululireni. Tsiku la alendo ndinapita m'mawa, ndinadula mfundo ya pangodya. Choluka chikataya mfundo chimathawa chokha. Doreen ali mkati mouza alendo kuti ndiye anatiphunzitsa tonse, ine ndinakoka ulusi, ngodya yonse inayoyoka. Ndinagwada bwinobwino, ndi kumupatsa singano yolukira.

"Tikonzereni, amayi wapampando, ife ndife ophunzira anu."

Anaigwira ngati agwira mpeni. Mlendo wina anafunsa kuti nanga analuka ndani. Abusa a mpingo wathu atamva akuti ndipepese. Sindipepesa.

Nsalu tailanda, maina tikubwezera, ndipo Loweruka tikaipachika pamsika. Doreen anabwera dzulo kudzandipempha chinthu chimodzi, akulira. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinapitiriza kuluka.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mukapitenso kwa a Daka, muwapatse moni wanga, muwauze zimene mwana wawo Doreen wawabisira zaka zitatu: mdzukulu wawo Collins, mwana wa Doreen, nayenso anamupeza ndi mtovu m'magazi. Dzina lake, limene Doreen anandipempha dzulo kuti ndisaluke, ndaliika pakati penipeni, ndi ulusi wofiira.

Ndine mlongo wanu,
Dailes